Ndinalola Kuti Mkazi Wanga Atchedwe Mfiti

1

Dzina langa ndine Haruna. Kwathu ndi kufupi ndi nyanja ya Chiuta m'boma la Machinga, ndipo zaka makumi anayi sindinakwanitse. Koma mutandiona lero ndikukoka mwendo wakumanzere mumsika wa Balaka, mutha kundipatsa moni wa nkhalamba. Mukafunsa anthu akwathu, akuuzani kuti anandipweteka ndi mkazi. Ine ndikuuzani zomwe zinachitika.

M'mimba mwa mayi anga, Abiti Bilali, tinabadwa asanu, wamwamuna ndine ndekha. Bambo anamwalira ndili Sitandade 7. A mjomba anga Che Mohamedi, mlongo wawo wa mayi, ndi amene anagulitsa bwato ndi maukonde awo kuti ndifike Fomu 4. Bwato limenelo ndinalimva kutchulidwa pa Idi iliyonse, pamaliro aliwonse, mpaka ndinkalilota ngakhale sindinalikwerepo.

Nditapeza ntchito ya ukalaliki pakampani ina yogula thonje ku Balaka, mudzi wonse unapumira m'mwamba. Foni yanga inasanduka mjigo wa m'mudzi, aliyense ankangobwera ndi ndowa yake. Feteleza, Haruna. Fizi ya ana a chemwali anga a Lukiya, Haruna. Sadaka ya malemu bambo, zovala za Idi, mwana wa uje wagwa mumtengo wa mango. Kwathu mwana wa mlongo wako ndi wako. Bambo ake akapita ku Joni n'kusiya kuyimba foni, palibe amadabwa, maso onse amatembenukira kwa mjomba.

Ndisakunamizeni, ndinkazikonda. Ndikafika kumudzi panjinga yanga yamoto, tayi ali pakhosi, ankandiyalira mkeka watsopano. Amuna a imvi, omwe anandiona ndikuyenda wopanda kabudula, ankanditchula kuti bwana. Dzina limenelo linali lokoma kuposa uchi, ndipo ndi limene linandidya.

2

Fadila ndinamupeza pa Ulongwe, akusoka pakhonde la sitolo ina. Ndinaima kuti andisokere thumba la jekete, ndipo kuchoka tsiku limenelo majekete anga anayamba kung'ambika pafupipafupi. Anali wosayankhulayankhula, koma akakuyang'ana unkadziwa kuti wakuwerenga yense. Tinamanga ukwati wathu pamaso pa shehe, ndipo anabwera ku Balaka ndi makina ake osokera. Ankasoka pakhonde la nyumba yathu ya lendi.

Zaka zitatu zinatha popanda mwana. Abale anga sanalankhule mokweza, koma mayi akabwera ankayang'ana pamimba pa mpongozi wawo asanayang'ane nkhope.

Matenda anga anayamba mu Okutobala, dzuwa la Balaka likuswa mtengo. Poyamba unali mutu, wogunda kuseri kwa maso. Kenako chifuwa chinayamba kutentha ngati ndameza khala. Tulo tinandithawa. Mtima unkathamanga ndili chikhalire, thukuta n'kumatuluka m'manja. Lamba ndinaboola bowo latsopano, patapita masabata atatu ndinaboolanso lina. Za kuchipinda ndisanene zambiri, ine ndi Fadila tinasanduka munthu ndi mlongo wake.

"Simukudya, Che Haruna," anatero tsiku lina atandiikira mpunga wa nyemba womwe ndinkaukonda.

"Chakudya chikumandiwotcha."

"Kuntchito kuli bwino?"

"Ukufuna kukhale bwanji? Wayamba liti kundifufuza?"

"Ndangofunsa."

Ndinakankha mbale, inagwa n'kusweka. Ine amene ndinali ndisanamukwezerepo mawu. Iye anagwada, natola mpungawo ndi manja. Atamaliza anandiyang'ana kanthawi, ngati akudikira kuti ndinene china chake. Ndinatuluka panja.

M'mawa uliwonse ndinkanyamuka nditavala tayi, n'kubwera madzulo fumbi lili m'makutu. Pali chinthu chimodzi chomwe ndinkachisunga mumtima mwanga ndekha. Ndikuuzani, koma ndikufuna muyambe mwaiona nkhaniyi momwe ankaionera anthu.

3

Fadila anandikakamiza kupita kuchipatala. Ankafuna kundiperekeza, ndinakana.

Anandiona ndi dokotala wachizimayi, wachikulire, wa magalasi olendewera pachingwe. Anandimanga lamba woyezera pamkono, nawerenga, n'kuyezanso kachiwiri. Ananditumiza kukayezetsa malungo, shuga, ndi magazi aja amene aliyense amawaopa. Zonse zinatuluka bwino.

"Bambo, magazi anu akuthamanga ngati a munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri," anatero. "M'mimbamo mukuyamba zilonda. Mumasuta? Mumamwa?"

"Iyayi, ndine Msilamu."

"Ndiye mukuganiza chiyani?"

"Palibe."

Anavula magalasi aja. "Ine ntchito ino ndaigwira nthawi yaitali. Pakamwa pamanama, koma thupi silinama. Anthu ambiri amene amakhala pampando umenewo ndi mutu wotere, chifuwa chotere, osagona, ukawafunsitsa umapeza kuti ndi nkhawa, ndipo nthawi zambiri ndi nkhawa ya ndalama. Mapiritsi ndikupatsani. Koma ngati pali mtolo umene mwasenza, mukautule. Muli ndi mkazi?"

"Alipo."

"Mukamuuze. Mukapitiriza chonchi, tsiku lina adzachita kukunyamulani."

Ndinathokoza n'kutuluka. Kabuku ka kuchipatala ndi mapiritsi ndinazibisa pansi pa mpando wa njinga. Nditafika kunyumba, Fadila anaimitsa makina.

"Akuti chiyani?"

"Akuti sakupeza matenda."

Mawu amenewo ndinawanenanso pafoni kwa mayi anga madzulo ake. Inu mukudziwa tanthauzo lake kwathu kuno. Munthu akamawonda, achipatala n'kunena kuti sakuona kanthu, ndiye kuti matendawo ali ndi mwini wake. Chotsala ndi kungomupeza.

4

A Lukiya anafika mu Disembala osanena kuti akubwera. Atandiona anagwira pakamwa. Anadya, nacheza ndi mlamu wawo mwaulemu wa m'mano, kenako anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Achimwene, mwatha. Makutu okha ndi amene atsala."

"Ndi kutentha kwa kunoku."

"Kutentha kwayamba chaka chino? Nanga kumudzi mwatitaya chifukwa chiyani? Miyezi itatu ino mukutumiza ngati mukuponyera wopemphapempha. Ana awabweza kusukulu. Mayi chimanga chawo chayera masamba, feteleza wachiwiri palibe. Talakwa chiyani?"

Apa ndi pamene ndikanalankhula. Tinali awiri, mlongo wanga wa bere limodzi, palibe wina womvetsera. Mawu anafika pakhosi. Koma ndinaona m'maganizo mwanga a Lukiya akutsika minibasi kumudzi, nkhani ikuyenda khomo ndi khomo, mkeka watsopano uja ukupindidwa.

"Pakhomo pano zinthu zachuluka, chemwali," ndinatero. "Si ine ndekha amene ndimagwira chikwama."

Sindinatchule dzina la munthu. Kwa nthawi yaitali ndinkadzitonthoza ndi zimenezo, kuti sindinatchule dzina. Koma m'nyumbamo tinkakhala anthu awiri okha.

A Lukiya anatembenuka n'kuyang'ana pakhonde, pomwe panali mulu wa nsalu zatsopano. Zinali za makasitomala a Khirisimasi, koma iwo sanafunse. M'mawa mwake, Fadila atapita kukatunga madzi, a Lukiya analowa kukhitchini n'kuyamba kuvundukula. Anapeza botolo la mizu yoviikidwa m'madzi, kuseri kwa chidebe cha ufa. Botolo limenelo ndinkalidziwa. Anamupatsa Fadila ndi azakhali ake kuti azimwa, mwina mimba n'kubwera. A Lukiya analikulunga m'chitenje n'kupita nalo.

Patatha sabata anandiyimbira. Anali atapita kwa sing'anga wina kutsidya, mbali ya Mozambiki. "Wanena zonse tisanatsegule pakamwa. Akuti mkaziyo wakudyetsani kuti muiwale abale, chuma chonse chizipita kwawo ku Ulongwe. Mankhwalawo ndi amene akukudyani m'kati. Ndiponso kusabereka kwakeko, akuti ana amawapereka yekha."

"Chemwali, zimenezo..."

"Musayankhe. Mmene mukumuikira kumbuyomo ndi mankhwala omwewo. Tikubwera Lamulungu."

5

Anabwera masana: mayi, a Lukiya ndi a mjomba Che Mohamedi. Kuchokera ku Ulongwe kunabwera nkhoswe ya Fadila, mjomba wake Che Usumani, munthu wogulitsa chimanga, wamawu ofatsa. Tinakhala pabalaza, amuna pamipando, akazi pamkeka. Chitseko chinali chotsegula chifukwa cha kutentha, ndipo anthu oyandikana nafe anapeza zifukwa zoyanika zovala pafupi.

A Lukiya anaika botolo lija pakati. Analankhula nthawi yaitali. Mayi ankangolira chamumtima, akupukuta maso ndi nsonga ya mpango.

Che Usumani anadikira mpaka atamaliza. "Mankhwalawa ndi a kwathu, ndi ofunira mwana, ndipo mkamwini akudziwa. Koma popeza takumana, nanenso ndili ndi funso. Anthu akumuona mkamwiniyu ku Liwonde masiku a ntchito. Osati kamodzi. Ngati kuli mkazi wina, chipembedzo chathu sichiletsa, angonena. Mwina ndalama zikupita kumeneko."

"Ndimapita pa za ntchito," ndinatero.

"Mwamva," anatero a Lukiya. "Musatembenuze mlandu. Mfiti ili pamkeka pano."

Mawu amenewo anamveka mpaka panja. Wina kuseri kwa mpanda anatsokomola.

Fadila anadzutsa mutu, osayang'ana wina aliyense koma ine.

"Che Haruna, inu mukudziwa chimene chikukudwalitsani. Auzeni."

Onse ananditembenukira.

"Lankhula, mphwanga," anatero Che Mohamedi. "Ine ndinataya bwato chifukwa cha iwe. Sindingakuonerere ukufa m'manja mwa mkazi. Kodi pali china chimene ukuchidziwa?"

Ndinayang'ana mayi anga. Ndinayang'ana a mjomba. Ndinayang'ana nsapato zanga zopolishidwa bwino, zomwe anapolisha ndi Fadila m'mawa womwewo.

"Ine sindikudziwa," ndinatero. "Ndikungoona kuti ndikutha."

Fadila sanalire. Anandiyang'anabe kanthawi, kenako anadzuka n'kulowa kuchipinda. Anatuluka ndi chikwama chimodzi. Pakhonde anamasula mutu wa makina ake, naukulunga m'chitenje, n'kudzitwika yekha. Makina amenewo ndi olemera, ndinkawadziwa, ndine ndinawanyamula pobwera. Tsiku limenelo sindinadzuke pampando. Anadutsa pakati pa anthu aja, mjomba wake ali pambuyo, ndipo amayi ena anakokera ana awo m'mbali kuti asamukhudze.

"Tsopano uchira," anatero mayi, akundisisita phewa.

6

Sindinachire. Ndipo tsopano ndikuuzeni chimene ndinkabisa.

Ntchito inali itatha kale mu Seputembala. Thonje silinachite bwino zaka ziwiri zotsatizana, kampani inatseka nthambi ya ku Balaka. Anatiitana tonse m'chipinda chimodzi, natipatsa makalata ndi kandalama kotsanzikira. Sabata yomweyo mayi anayimba kuti denga limadontha ndipo mvula ili pafupi. Ndinatumiza za malata. A Lukiya anayimba za fizi, ndinatumiza. Pofika kumapeto kwa mwezi kandalama kaja kanali katapita, ndipo palibe amene ankadziwa kuti kanali komaliza.

Ndinadziuza kuti ndipeza ntchito ina mwezi usanathe, ndiye palibe chifukwa chodetsa anthu nkhawa. Ndinasiya makalata m'maofesi a ku Balaka, ku Liwonde, mpaka ku Machinga Boma. Kulikonse ankati adzandiyimbira.

Choncho m'mawa uliwonse ndinkatsanzika mkazi wanga nditavala tayi, n'kukwera njinga mpaka ku Liwonde. Kuseri kwa chigayo china ndinkavula tayi ndi malaya oyera, n'kuvala jekete lakale ndi chipewa cha njinga chagalasi lakuda. Ndinali wakabaza. Bwana wa ku Chiuta ankakanganirana makasitomala pasiteji, akunyamula matumba a makala, mbuzi zomangidwa miyendo, anthu oledzera okana kulipira. Chipewa sindinkavula ngakhale dzuwa litaswa bwanji, chifukwa anthu akwathu amadutsa pa Liwonde popita kulikonse. Tsiku lina ndinanyamula mphunzitsi wa kumudzi kwathu kuchokera pasiteji mpaka kuchipatala. Ulendo wonse sindinatulutse mawu. Potsika anati, "Iwe ndi wosalankhula eti?" Ndinagwedeza mutu.

Kabaza si ntchito yochititsa manyazi. Anzanga apasiteji ankadyetsa mabanja awo, akuseka, akudya chipisi masana. Ine masana sindinkadya, kuti pakhale kotumiza kumudzi. Foni ikalira m'thumba ndinkaima pambali pa msewu, n'kuyankha ndi mawu a muofesi kuti, "Ndili pamsonkhano, ndikuyimbirani." Zomwe ndinkapeza zinkathera mafuta, lendi ndi kumudzi. Mapiritsi a magazi atatha sindinapite kukatenga ena, chifukwa tsiku la pamzere kuchipatala linali tsiku lopanda ndalama.

Fadila atachoka, m'nyumba munalibenso wondifunsa ngati ndadya. Ndinayamba kuiwala zinthu. Ndinkatha kufika ndi kasitomala pamphambano n'kusadziwa komwe tikupita. Nthawi zina misozi inkangotuluka m'chipewa muja popanda chifukwa. Kangapo, ndikuwoloka mlatho wa Shire, maganizo anandifikira akuti ndikangokhotetsa pang'ono, mafoni onse asiya kulira.

7

Linali Lachinayi mu Febuluwale, mvula itangokata. Ndinanyamula mayi wina ndi thumba la ufa. Titayenda pang'ono ndinamva dzanja lamanzere likuzizira. Ndinafuna kugwira kilatchi, zala zinakana. Msewu unapendekeka. Mwamwayi tinkayenda pang'onopang'ono, mayiyo anangosupuka bondo.

Ndinatsitsimuka ndili pabedi m'chipatala, pakamwa patapotoka, mbali yamanzere ngati ya munthu wina. Anati mtsempha wa m'mutu wavulala chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Anzanga akabaza ndi amene anandinyamula, ndipo anayimba nambala yomwe inkapezeka kwambiri m'foni mwanga. Inali ya a Lukiya. Anawauza kuti mnzathu wapasiteji wagwa.

Anafika tsiku lotsatira, atatu omwe aja. Anaima mozungulira bedi.

"Akuti ndiwe wakabaza," anatero Che Mohamedi. "Ntchito inatha liti?"

Lilime linali lolemera. "Seputembala."

Anawerenga miyezi ndi zala, nayang'ana kudenga. "Ndiye bwato langa linangomira."

Mayi anakhala pansi n'kuyamba kulira. "Ukanatiuza, mwanangu. Ife tikanatani, tikanakudya?"

Ndinayang'ana a Lukiya. Ndinkayembekeza kuti atchula dzina la Fadila, kuti anena kuti tinamulakwira mwana wa eni. Atatsegula pakamwa anati, "Nanga njingayo yawonongeka kwambiri? Chifukwa ikagulitsidwa msanga, ana atha kubwerera kusukulu teremu isanathe."

Amati chibale ndi fupa, sichiola. Mwina n'zoona. Koma fupa silikutembenuza pabedi. A mjomba anabwerera tsiku lomwelo. A Lukiya anagona masiku awiri, kenako anati mpunga kumunda ukufunika kupalira. Mayi miyendo inatupa chifukwa chogona pasimenti, anapita nawo. Anati atumiza munthu. Ndinatsala ndekha, wodwala wa bedi loyandikana nalo n'kumauza mkazi wake kuti andigawireko phala.

8

Tsiku lachisanu m'mawa ndinamva dzanja likundikweza mutu. Ndinalidziwa ndisanatsegule maso.

Fadila anali atawonda, mafupa a m'masaya ali poyera. Sanandipatse moni. Anandikhazika, nandipukuta kumaso, n'kuyamba kundimwetsa phala ndi supuni. Lina linkatayikira mbali yopotoka, iye n'kumapukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Fadila," ndinatero movutika, "ntchito inatha. Kalekale. Ndinkachita kabaza."

"Ndikudziwa."

"Wamva kwa ndani?"

"Ndinadziwa mu Okutobala." Anaika supuni m'kapu. "Ndinapita ku Liwonde kukagula zipi ndi ulusi. Ndili m'minibasi ndinakuonani pasiteji, mukumangirira thumba la makala. Munavala chipewa, koma mkazi sasokoneza msana wa mwamuna wake. M'mawa mwake ndinapita kukampani kwanu. Mlonda anandiuza zonse."

Ndinamva ngati bedi likumira.

"Bwanji sunanene?"

"Ndinakufunsani ngati kuntchito kuli bwino. Munaswa mbale. Ndinati mwamuna uyu akuchita manyazi, ndimupatse nthawi, anena yekha. Ndinayamba kulandira nsalu zambiri kuti ndiwo zisasowe, inu osazindikira. Nsalu zomwezo ndi zimene alamu anaziona n'kunena kuti ndikudya chuma chanu."

"Koma tsiku lija, pamaso pa anthu... ukanangonena."

"Ndikanakuvulani pamaso pa mayi anu? Ndinakupatsani mpata. Ndinati, auzeni. Ndinkati zikafika poti mkazi wake akutchedwa mfiti, apa pokha alankhula. Munayang'ana nsapato."

Analankhula mosakweza mawu, ngati akunena za munthu wina.

"Mbiri inafika ku Ulongwe ine ndisanafike. Palibe amene amabweretsa nsalu kwa mfiti. Ndimakhala pakhonde tsiku lonse, makina ali duu. Ndinasiya kugona, ndinasiya kudya. Nanenso pano ndikumwa mapiritsi a magazi ngati anuwa." Anaika kapu pansi. "Pali china. Tsiku limene ndinkasenza makina lija ndinali ndi pakati pa miyezi itatu. Ndinkadikira kuti mtima wanu ukhale pansi ndikuuzeni. Ndinapita padera sabata yachitatu nditafika kwathu."

Ndinafuna kukuwa, koma pakamwa panga panangotuluka phokoso ngati la mbuzi. Zaka zitatu tikudikira. Iye anandipukuta dovu, natolanso supuni.

"Yasamulani. Phala likuzizira."

9

Anandisamalira masabata atatu. Ankandisambitsa, kunditembenuza, kundigwira pophunzira kuyenda m'khonde la chipatala, n'kumagona pansi pambali pa bedi. Ndinayamba kukhulupirira kuti Mulungu wandipatsanso mwayi. Tsiku lotuluka anandiperekeza mpaka ku Balaka, nasesa m'nyumba, n'kuika mapiritsi pawindo pomwe ndingawafikire.

Kenako anaima pakhomo, chikwama chili m'manja.

"Ndinamva kuti mwagwa ndipo abale akusiyani, ndiye ndinabwera chifukwa panalibe wina. Sindikanalola kuti mufe ngati galu. Koma ndikupempha talaka yanga, ukwati uthe."

"Fadila, ndikhululukire. Ndipita kumudzi, ndikanena zonse."

"Kukhululuka ndakhululuka. Umphawi sindinkauopa, Che Haruna, ndinabadwira momwemo. Tikanadya mgaiwa ndi therere, inu pakabaza, ine pamakina. Koma ndaona chimene mumasankha zinthu zikathina. Sindingagonenso pambali pa munthu ndikudziwa zimenezo."

Ndinamupatsa talaka pamaso pa ankhoswe mwezi wotsatira.

Kumudzi ndinapitadi. Ndinasonkhanitsa abale n'kunena zonse, kuyambira kalata ya kukampani mpaka mawu a dokotala. Anandimvetsera atakhala pamkeka wakale, wong'ambika m'mbali. A mjomba anati zapita, zisiyeni. A Lukiya anati, "Nanga ntchitoyo inatha yokha? Si mkazi yemweyo anakutsekerani mwayi?" Palibe ndi mmodzi yemwe amene anakwera minibasi kupita ku Ulongwe kukapepesa.

10

Papita zaka zitatu. Njinga inagulitsidwa. Ndimakhala m'kachipinda kamodzi, ndipo ndimagulitsa sopo, mchere ndi machesi pabenchi mumsika. Dzanja lamanzere limagwira pang'ono. Foni imatha sabata osalira.

Mwezi wathawu ndinamuona Fadila padepoti ya Balaka. Thupi linabwerera. Anali ndi mwana kumbuyo, ndipo bambo wina wamtali ankamunyamulira katundu. Anandiona, nabwera, n'kundipatsa moni waulemu wonse ngati wopatsa munthu wachikulire wa kumudzi kwina. Anafunsa ngati ndikumwa mankhwala. Ndinati eya. Anati zikomo, n'kukakwera minibasi ya ku Mangochi.

Inu amene mukuwerenga, makamaka amuna anzanga amene mudzi wonse umakuyang'anani, sindikupatsani malangizo ngati munthu wanzeru, chifukwa nzeru ndinalibe. Ndingokuuzani zimene ndinaziona ndi thupi langa. Nkhawa ya ndalama sikhala m'thumba. Imakwera m'mutu, imatsikira m'chifuwa, imalowa m'magazi, ndipo ukaitsekera pakamwa imadzipezera khomo lina lotulukira. Ikatero sidya iwe wekha, imayambira amene wagona naye pafupi.

Abale amene ndinkaopa kuwakhumudwitsa ali moyo, akulima, ana awo akupita kusukulu. Anapeza njira ine nditagwa, ndipo akanaipeza ngakhale ndikanawauza mu Seputembala muja. Akanandinyoza mwezi umodzi, mwina iwiri. Ine ndinaona kuti mwezi umodzi wa manyazi ndi wodula kwambiri, ndiye ndinalipira ndi mwendo, dzanja, mkazi, ndi mwana amene sindinamuone nkhope.

Ngati muli ndi mawu amene mwakhala mukuwameza, ndipo kunyumba kuli munthu amene amakufunsani ngati zonse zili bwino, mwina akudziwa kale. Akungodikira kuti amve kuchokera pakamwa panu. Musamudikiritse mpaka atatopa.